"Anesi, nkhumba yanga singapereke impso kwa mwana wanga?"

Lero ndiyamba ndi kuulula cholakwa changa. Ndinaseka munthu amene sindinayenere kumuseka.

Linali tsiku la sikelo ya ana. Anthu atabalalika, panatsala agogo ena pabenchi, kamdzukulu kali kumbuyo. Ndimawadziwa bwino. Mwana wawo wamkazi, mayi wake wa kamwanako, impso zake zinasiya kugwira ntchito atangobereka. BP inamukwera ali woyembekezera, anakomoka, ndipo ngakhale anapulumuka, impso sizinabwererenso mwakale. Pano amakhala kwa achibale m'tauni kuti azipita kumakina osefa magazi, aja timati dialysis. Agogowa ndi amene akulera mwana. Anadikira mpaka nditavula magolovesi, kenako anasendera pafupi n'kulankhula motsitsa mawu.

"Anesi, mundikhululukire, ndifunse nawo. Mnyamata wina wandionetsa pafoni kuti ku America aika impso ya nkhumba mwa munthu, munthuyo n'kudzuka n'kumayenda. Ine kwathu ndili ndi nkhumba zitatu. Imodzi ndi yaikazi, yonenepa bwino, sinadwalepo. Ndikaipereka kuchipatala chachikulu, sangamuthandize mwana wanga?"

Ndinaseka. Sindinafune, koma chiseko chinangotuluka. Nditakweza maso ndinaona kuti iwo sakuseka. Anandiuza kuti anthu awiri anabwera kale kudzaigula nkhumbayo koma anakana, ngakhale kunyumba kunalibe ndalama ya feteleza, chifukwa ankaisungira mwana wawo. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzawaiwala. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawapepesa, n'kuwapempha kuti andipatse sabata imodzi ndikawerenge bwinobwino, chifukwa funso lotere silifunika yankho lapakamwa chabe. Zimene ndinawauza atabweranso ndi zimene ndikulemba pano, poti ndikudziwa kuti kanemayo wafika m'mafoni ambiri.

Nkhaniyo ndi yoona. Si bodza la pa WhatsApp ayi. Koma kanema wa mphindi imodzi amaonetsa munthu akumwetulira pabedi, osaonetsa zaka zonse zimene zinadutsa kuti afike pamenepo, kapena zimene zinachitika kamera itachoka.

Tiyambe ndi impso zenizenizo. Muli nazo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula kwake ngati chibakera chanu. M'kati mwa iliyonse muli timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku limodzi zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180. Kumeneko ndi kunena kuti zigubu 9 za malita 20, zija mumasenza kuchokera kumjigo. Ambiri mwa madziwo zimawabwezera m'thupi, n'kutaya lita imodzi kapena awiri okha ngati mkodzo, pamodzi ndi zoipa zonse. Zikafa, zoipazo zimatsalira m'magazi. Munthu amatupa, amasanza, amafooka, mpweya umamuchepera. Pamatsala njira ziwiri: makina osefa magazi, pafupifupi maola anayi ulendo uliwonse, kawiri kapena katatu pa sabata moyo wonse, kapena kuikidwa impso ya munthu wina. Njira yachiwiriyi inatheka koyamba mu 1954 mumzinda wa Boston, pamene dokotala Joseph Murray anachotsa impso mwa mnyamata wina n'kuiika mwa m'bale wake amene anabadwa naye mapasa. Vuto ndi lakuti impso zoperekedwa sizikwana. Ku America kokha, anthu pafupifupi 90,000 ali pamndandanda kudikira impso, ndipo ambiri amamwalira akudikira. N'chifukwa chake maso anatembenukira kukhola.

Mwina mukufunsa kuti bwanji nkhumba, osati mbuzi kapena nyani amene amafanana nafe nkhope. Anyani anayesedwa kale. Mu 1963 ndi 1964, dokotala Keith Reemtsma wa ku New Orleans anaika impso za chimpanzi mwa odwala angapo. Ambiri anamwalira patangopita masabata ochepa, koma mayi mmodzi anakhala miyezi 9. Zinaoneka kuti njirayi ndi yovuta: nyama zimenezi n'zochepa, zimabereka mwana mmodzimmodzi, zimachedwa kukula, ndipo popeza n'zapafupi kwambiri ndi ife, matenda awo savuta kulowa mwa munthu. Nkhumba ndiye inu oweta mukuidziwa kuposa ine. Bere lake ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Imaswa ana 8, 10, nthawi zina kuposa apo. Pakatha miyezi yowerengeka yakula, ndipo impso yake imafanana ndi yathu kukula kwake komanso kapangidwe ka m'kati.

Kufanana kumeneku n'kumene kunachititsa kuti nkhumba ikhale ngati sukulu ya madokotala, kalekale anthu asanaganize zoika impso yake mwa munthu. Khoswe ndi wotchipa pa kafukufuku, koma impso yake ndi kanthu kakang'ono ngati nyemba, mitsempha yake ili ngati ulusi, ndipo m'kati mwake simufanana kwenikweni ndi mwathu. Pa nkhumba dokotala amagwiritsa ntchito zipangizo zomwezo, kusoka mitsempha mmene angasokere mwa munthu. Amaigoneka ndi mankhwala, kuchotsa impso, kuisunga pozizira kwa maola angapo kapena kuilumikiza kumakina oyendetsa madzi m'kati mwake, kenako n'kuibwezera kuti aone ngati iyambenso kupanga mkodzo. Umu ndi mmene amaphunzirira kuti impso ingakhale nthawi yaitali bwanji kunja kwa thupi isanaonongeke, ndi njira iti yoisungira imene ili yabwino. Odwala ambiri amene analandira impso ya munthu mnzawo anapindula ndi zimene zinaphunziridwa pa nkhumba, iwo osadziwa.

Ndipo nditawerenga ndinakumbukira chinthu china chimene ndinawauza agogo aja, iwo n'kugwira pakamwa. Heparin, mankhwala amene amaletsa magazi kuundana akamadutsa m'makina osefa magazi, nthawi zambiri amapangidwa kuchokera m'matumbo a nkhumba. Insulin ya odwala shuga kwa zaka zambiri inkachokera kunkhumba ndi ng'ombe, asanayambe kupanga ya masiku anoyi. Pali anthu amene akuyenda ndi timavalavu ta mtima wa nkhumba pachifuwa. Choncho agogo sanasochere kwambiri poganiza. Wosadziwa anali ine woseka uja.

Nanga bwanji nkhumba ya m'khola mwawo singathandize? Apa ndi pamene pagona nkhani.

Thupi lathu lili ndi chitetezo chimene chimagwira ntchito ngati alonda a m'mudzi usiku. Akaona munthu wosamudziwa, safunsa kuti wabwera ndi zabwino kapena ayi, amangomugwira. Pa maselo a nkhumba pali mtundu wina wa shuga wotchedwa alpha-gal umene ife anthu tilibe, ndipo magazi athu ali kale ndi asilikali omudikirira. Mukaika impso ya nkhumba wamba mwa munthu, asilikaliwo amaiukira nthawi yomweyo. Magazi amaundana m'mitsempha yake, impso imada bii, ndipo imafa m'mphindi kapena maola ochepa. Kunenepa kwa nkhumba, kudya madeya abwino, kusadwala, zonsezi sizisintha kanthu.

Nkhumba zimene mukuona m'kanema zija zinasinthidwa chibadwa zisanabadwe. Asayansi amalowa m'majini ake. Ndikati majini musaganize za mizimu ayi, ndikunena timalangizo tosaoneka ndi maso tokhala m'maselo, timene timachititsa mwana kufanana ndi makolo ake. Amachotsa majini opanga shuga wachilendo uja, n'kuikamo majini ena a munthu othandiza kuti magazi asaundane ndiponso kuti alonda aja asapse mtima msanga. Nkhumba imene inapereka impso ku Boston mu 2024 inasinthidwa malo 69. Ambiri mwa malowo anali ofooketsa mavairasi amene nkhumba iliyonse imabadwa nawo m'chibadwa chake. Kenako nkhumbazo zimaleredwa m'nyumba zotsekedwa, mpweya ndi madzi zosefedwa, wolowamo amayamba wasamba n'kuvala zovala zapadera. Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Mu January 2022, bambo wina dzina lake David Bennett anaikidwa mtima wa nkhumba ku Maryland. Anakhala miyezi iwiri, ndipo pambuyo pake madokotala anapeza kuti mumtimawo munali vairasi ya nkhumba imene sinaoneke poyeza poyamba.

Tsono yerekezani ndi nkhumba zathu zimene zimayendayenda m'mudzi, kufukula kudzala ndi kuseri kwa zimbudzi, chigodola chikabwera n'kusesa khola lonse. Ndipatuke pang'ono poti tafika pamenepa: nkhumba zoyendayenda zikadya chimbudzi cha munthu zimatenga mazira a njoka zam'mimba, nyama yake imakhala ndi timatuza toyera ngati mpunga, ndipo mazira a njoka zimenezi akalowa mwa munthu kudzera m'manja kapena chakudya chauve amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Tsekerani nkhumba m'khola, gwiritsani ntchito chimbudzi, sambani m'manja, ndipo kanyenya wa kapado apse mpaka m'kati.

Tibwerere kwa anthu amene analandira impsozi. Madokotala sanathamangire kwa odwala. Anayamba ndi anyani a m'kafukufuku, ndipo mmodzi anakhala ndi impso ya nkhumba zaka zoposa ziwiri. Mu September 2021, ku New York, dokotala Robert Montgomery analumikiza impso ya nkhumba kwa munthu amene ubongo wake unali utafa kale, mtima ukugunda ndi thandizo la makina, achibale atavomereza. Anaiyang'anira kwa maola 54, ndipo inkapanga mkodzo. Mu 2023 anabwereza, impso inagwira ntchito miyezi iwiri. Ndimaganizira kwambiri mabanja amenewa. Kulola kuti thupi la m'bale wanu likhale pamakina masabata onsewo, maliro akudikira, kuti anthu osawadziwa adzathandizike mtsogolo, si chinthu chapafupi.

Wamoyo woyamba kulandira impso ya nkhumba yosinthidwa chibadwa anali Richard Slayman, wa zaka 62, pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston, mu March 2024. Impso zake zinaonongeka ndi shuga ndi BP, matenda omwewa amene tikulemba m'mabuku a chipatala tsiku ndi tsiku kuno. Anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, osafunikanso makina. Anamwalira mu May, pasanathe miyezi iwiri, ndipo chipatalacho chinati panalibe chosonyeza kuti impsoyo ndi imene inamupha. Bambo wina, Tim Andrews, anaikidwa mu January 2025 pa chipatala chomwecho, n'kukhala nayo masiku 271 isanachotsedwe.

Koma amene nkhani yake inandigwira pakhosi ndi mayi Towana Looney wa ku Alabama. Amayi, imvani bwino apa. Mu 1999 mayiyu anapereka impso yake imodzi kwa mayi ake omubereka. Anatsala ndi imodzi, ndipo munthu amatha kukhala bwinobwino ndi imodzi. Pambuyo pake anatenga pakati, mimbayo inabwera ndi vuto la BP yokwera, ndipo BP imeneyo inadya pang'onopang'ono impso yotsalayo. Mu 2016 anayamba kupita kumakina, ndipo anapita kwa zaka pafupifupi 8. Impso ya munthu yogwirizana naye sinkapezeka chifukwa magazi ake anali ndi asilikali ambiri okana ziwalo za ena. Mu November 2024 anaikidwa impso ya nkhumba ku New York. Anakhala masiku 130 osagona pamakina, akuyenda m'misewu, akudya ndi kumwa momasuka. Kenako anadwala matenda ena, madokotala anachepetsa mankhwala ofooketsa chitetezo kuti thupi lilimbane ndi matendawo, ndipo thupi linayamba kuikana impsoyo. Mu April 2025 anaichotsa, iye n'kubwerera kumakina.

Nditawerenga zimenezi ndinakhala chete. Mayi wa ku Alabama ndi mwana wa agogo aja sadziwana, wina ali m'dziko lolemera wina kwathu kuno, koma khomo limene matenda analowera ndi limodzi: BP ya pa mimba.

Maganizo anga pa kafukufukuyu ndi akuti ndi wabwino ndipo apitirire. Mu 2025 boma la America linavomereza kuti ayesedwe pa odwala ochulukirapo mwadongosolo. Ndikudziwa kuti ena zimawanyansa, ena amamvera chisoni nkhumbazo poti zimaphedwa impso ikachotsedwa. Chisonicho ndimachimvetsa, ngakhale kuti ife timapha nkhumba pa ukwati popanda wofunsa. Abale athu achisilamu ndi a Seventh Day amene sadya nkhumba ali ndi funso lawonso, ndipo limenelo si la nesi kuyankha. Atsogoleri ena achipembedzo amasiyanitsa kudya ndi kulandira chithandizo chopulumutsa moyo, choncho kambiranani ndi atsogoleri anu. Chimene ine ndingaikire umboni ndi ichi: pakali pano impso za nkhumba tikuziwerengera masiku ndi miyezi, pamene impso ya munthu imatha kugwira zaka 10 kapena kuposa. Wolandirayo amafunika mankhwala ofooketsa chitetezo tsiku lililonse ndi kuyezedwa magazi pafupipafupi. Si chithandizo chimene mungachipeze pachipatala, ngakhale mutakhala ndi ndalama. Wina akadzabwera m'mudzi n'kumati akulemba mayina a ofuna impso za nkhumba, kapena akugulitsa ufa kaya makapisozi a impso ya nkhumba, ndi wakuba. Kudya impso ya nkhumba nakonso sikuchiza impso, monga mmene kudya mutu wa nsomba sikuphunzitsa kusambira.

Zonsezi ndinawafotokozera agogo titakhala pabenchi lomwe lija. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapukusa mutu pang'ono, n'kufunsa funso limene sindinalikonzekere.

"Chabwino, nkhumba yalephera. Nanga yangayi? Mwati zilipo ziwiri. Ine ndakalamba kale, imodzi indikwana."

Ulendo uno sindinaseke. Ndinawauza zoona, kuti kholo kapena m'bale amatha kupereka, koma madokotala amayamba ayeza gulu la magazi, BP, shuga ndi mphamvu ya impso za woperekayo, ndipo msinkhu amauganiziranso. Ndinawauzanso kuti odwala athu ofuna opaleshoni imeneyi kawirikawiri amapita kunja, makamaka ku India, ndipo pamafunika ndalama zambiri ndi mankhwala a moyo wonse. Amene angawayankhe bwino ndi madokotala a impso kumene mwana wawo amasefetsa magazi. Makina amenewa kuno ali m'zipatala zochepa, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, n'chifukwa chake munthu wa kumudzi akafika pofuna makina amasamuka, kusiya munda, ana ndi banja.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Impso zimene zili m'thupi mwanu lero ndi zimene tingathe kuchitapo kanthu, ndipo choopsa chake n'chakuti zimaonongeka mwakachetechete. Munthu amatha kutaya mphamvu yambiri ya impso osamva kupweteka kulikonse. Mayi woyembekezera, yambani sikelo msanga, ndipo ulendo uliwonse onetsetsani kuti akuyezani BP. Ngati sanakuyezeni, funsani, musachite manyazi. Ikafika 140/90 kapena kuposa, imafunika kuitsatira, ndipo mkodzo uyezedwe. Mutu waukulu wosamva panado, kuona zinthu mbuu kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti chakumanja: nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku, musadikire tsiku la sikelo. Ndipo amene BP inakukwerani pa mimba, musaganize kuti nkhani inatha mutabereka. Pitirizani kuyezetsa chaka ndi chaka.

Abambo, inunso. Mankhwala a BP ndi a shuga samwedwa pokhapokha mutu ukapweteka, amamwedwa tsiku lililonse. Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi mapiritsi a ululu ogula pagolosale, brufen, diclofenac, indocid, amene ena amamwa tsiku ndi tsiku akachoka kumunda kapena kokwera kabaza. Amenewa akamwedwa nthawi yaitali, makamaka thupi lili lopanda madzi, amapweteka impso. Chimodzimodzi mankhwala azitsamba a m'mabotolo amene amati amatsuka impso, osadziwika zimene zilimo ndi mlingo wake. Ndaonapo anthu akubwera mkodzo utasiyiratu atamwa zoterezi. Impso sizifuna kutsukidwa, zimafuna madzi akumwa abwino ndi mchere wochepa m'ndiwo.

Kwa ana, impso zimavulala msanga ndi kutsegula m'mimba ndi malungo aakulu. Mwana akatsegula, mupatseni Thanzi ORS ndi kupitiriza kuyamwitsa. Mukaona kuti watha tsiku osakodza, kapena mkodzo wake wada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena wadzuka zikope zitatupa, thamangani naye. Mwana wokodza magazi atasambira kudambo kapena kunyanja ali ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo. Kumeneko si kukula ayi.

Agogo aja anabweranso mwezi wotsatira. Nkhumba ija anaigulitsa, ndalama zina anatumiza m'tauni zoti mwana wawo azikwerera minibasi popita kumakina, zina anagulira feteleza. Sanabwere okha. Anali ndi mwana wawo wina wamng'ono, wa mimba ya miyezi 6, amene anali asanayambe sikelo chifukwa ankati akumva bwinobwino. Anachita kumukoka padzanja mpaka patebulo langa.

"Muyezeni uyu, anesi. Ndaima pompano mpaka ndione nambala."

Inali 150/100. Tinabwereza atapuma, sinatsike. Tinamuyeza mkodzo, tinamuyambitsa mankhwala, n'kumulembera kalata yopita kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. Agogo anamasula mfundo ya pachitenje, n'kuwerenga ndalama yotsala ya nkhumba ija, ndipo inakwana anthu awiri pa galimoto.